Masamba a calliandra m'khola: pomwe tafika ng'ombe itabereka

Ng'ombe yanga, ya mtundu wa Friesian wosakanikirana ndi wachikuda, yabereka thole lalikazi. Nsengwa inatuluka yokha tsiku lomwelo, thole linayamwa mkaka woyamba wachikasu uja lisanathe maola 6, ndipo mayi wake akudya ndi kubzikula bwino. Chaka chino ndinaika mtima pa masamba okhala ndi tannin (chinthu choumitsa m'kamwa chopezeka m'masamba ena), makamaka a mtengo wa calliandra wa m'malire mwa munda.

Anzanga oweta ng'ombe zamkaka mukudziwa kuti nyengo yoopsa ndi masabata 3 ng'ombe isanabereke ndi masabata 3 itabereka. Mwana wa m'mimba akamakula amapanikiza chifu, ng'ombe n'kuchepetsa kudya. Mkaka ukangobwera, thupi limafuna zambiri kuposa zimene m'kamwa mukulowa, ndiye ng'ombe imayamba kusungunula mafuta ake omwe. Zikanyanya imadwala ketosis: imakana madeya, imaonda, mkaka n'kutsika.

Tannin ndi chimene chimaumitsa m'kamwa mukamwa tiyi wokhathamira wopanda mkaka. M'chifu chachikulu cha ng'ombe amagwirana ndi mapuloteni a m'chakudya, tizilombo ta m'menemo n'kulephera kuwaphwanya onse kukhala ammonia amene mapeto ake amatayika ndi mkodzo. Chakudya chikafika m'chifu chachinayi, momwe muli asidi wambiri, mgwirizano uja umamasuka, mapuloteni n'kugayidwa ndi kulowa m'thupi kudzera m'matumbo. Kwa ng'ombe imene ikudya pang'ono koma ikufunika kupanga mkaka, phindu lake ndi limenelo. Tannin amathandizanso kuchepetsa thovu lotupitsa mimba. M'mayiko ena amagula tannin wa ufa, wochokera ku mtengo wa quebracho wa ku Argentina ndi Paraguay, wa chestnut wa ku Italy, kapena makungwa a black wattle a ku South Africa. Ife wathu ali pamtengo, n'kungotenga chikwanje.

Nkhani yagona pa muyeso. Tannin akakhala magawo 2 mpaka 4 pa 100 alionse a chakudya chouma amathandiza, koma akapitirira magawo 5 ng'ombe imayamba kusiya chakudya m'modyera ndipo kagayidwe kamabwerera m'mbuyo. Calliandra ali ndi tannin wambiri kuposa lukina ndi gliricidia. Ng'ombe yoyandikira kubereka ikachepetsanso kudya chifukwa cha masamba, mwaiwonjezera vuto lomwe mumati muchotse. Pakhomo palibe choyezera tannin, choncho ine ndimayang'ana m'modyera m'mawa uliwonse. Mukatsala nsenjere zambiri, masamba ndimachepetsa tsiku lomwelo osadikira.

Ndinayamba kuipatsa calliandra itangoleka kukamidwa, miyezi 2 isanabereke, timanja tochepa todula pamodzi ndi nsenjere kuti isasankhe. Chifu sichifuna kudzidzimutsidwa ndi chakudya chachilendo sabata yoberekera. Ndimathyola ndi kupereka nthawi yomweyo adakali aawisi, chifukwa yanga akafota padzuwa imangowanunkhiza.

Pali china chimene mlangizi wa ziweto wa kudera kwathu anandikumbutsa, ndipo ndikuona kuti ambiri sitichilabadira. Masamba a mitengo imeneyi ali ndi kashiamu wochuluka. Ng'ombe ikamadya kashiamu wambiri isanabereke, thupi limaleka kuzolowera kutapa wa m'mafupa, ndiye mkaka ukabwera mwadzidzidzi magazi amaperewera kashiamu. Ndiyo milk fever ija: ng'ombe imagwa, makutu kuzizira, khosi kupindikira kunthiti, kawirikawiri m'masiku 3 oyamba itabereka, makamaka zomwe zaberekapo kangapo. Apo tannin alibe chochita, pofunika adokotala a ziweto ndi jekeseni wa kashiamu msanga. N'chifukwa chake chakumapeto kwa bere masamba sindinawonjezere konse. Chimene ndinkakweza pang'onopang'ono ndi madeya.

Itabereka ndiye ndayamba kuwonjezera. Ku Embu m'dziko la Kenya, komwe alimi anaphunzira calliandra mothandizidwa ndi bungwe lofufuza za mitengo ya m'minda la ICRAF, amawerengera kuti makilogalamu 3 a masamba aawisi amalowa m'malo mwa kilogalamu 1 ya dairy meal (chakudya chogula cha ng'ombe zamkaka), ndiponso kuti ng'ombe imodzi imafuna mitengo pafupifupi 500 kuti idye chaka chonse. Mitengo yanga siinakwane pamenepo, choncho ndikusakaniza ndi lukina pang'ono, osapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chifukwa lukina ali ndi poizoni wotchedwa mimosine amene amathothola ubweya. Komabe masambawa amabweretsa mapuloteni, mphamvu zimachokera ku madeya, ndiye madeya sindinachotse ngakhale mtengo wake wakwera.

Ndowe zake zili bwino, si zamadzimadzi, mawere alibe chotupa, ndipo mkaka ukukwerabe. Zimene ndikulemba m'kope tsopano ndi malita a m'mawa ndi madzulo, maonekedwe a nthiti, ndi tsiku limene idzayambenso kufuna nkhunzi. Mvula ikangoyamba ndiwokera mbande zina za calliandra m'mbali mwa migula.