Ganyu woyang'anira mayeso ku England

Za ganyu ameneyu ndinamva kwa mayi ena akutchalitchi kwathu, atandiona ndikuodzera pa mapemphero chifukwa cha mashifiti ausiku. Anati masukulu a sekondale kuno ku England amalemba anthu wamba kuti aziyang'anira mayeso a GCSE ndi A level, omwe amalembedwa mu Meyi ndi Juni. Ndinadabwa. Paja kwathu mayeso a MANEB amayang'anira ndi aphunzitsi. Kuno safunsa n'komwe ngati unagwirako choko.

Fomu ndinalemba pa intaneti, intaviyu yake inali yaifupi. Nkhani inagona pa DBS, yomwe imafufuza ngati unapalamulapo mlandu, poti ukakhala pakati pa ana. Koma DBS siona za kumene unachokera, ndiye anandiuza kuti ndibweretsenso kalata ya apolisi a ku Malawi. Ine ndinayamba kuifuna mochedwa, ganyuyo anatsala pang'ono kundipita. Inu yambirani pamenepo.

Kenako kunali maphunziro a maola ochepa. Mayi woyendetsa za mayeso pasukulupo anatiwerengera malamulo a JCQ, bungwe limene limalemba malamulo a kayendetsedwe ka mayesowa: woyang'anira mmodzi asapitirire ana 30, mipando italikirane mamita 1.25, envulopu ya mafunso asaitsegule munthu mmodzi popanda wachiwiri kutsimikiza kuti ndi pepala la tsikulo ndi ola lomwelo.

Tsiku loyamba ndinafika cha m'ma 8, mayeso oyamba 9 koloko. Ankalembera m'holo ya masewera. Tinayala mapepala desiki ndi desiki, kutsata nambala ya mwana aliyense, ana n'kuyamba kulowa ali chete. Foni ayi. Wotchi ayi, ngakhale yamivi yachikale ija. Zolembera zikhale m'kachikwama koonekera mkati, inki yakuda. Botolo la madzi alichotse chipepala chake, chifukwa kuseri kwa chipepalacho n'kumene ena amabisa likasa. Ndinaseka chamumtima, kuti kani ana ndi amodzi kulikonse.

Atanena kuti yambani, m'pamene ndinadziwa kuti ganyuyu si wophweka ayi. Suwerenga buku, sucheza ndi mnzako, ngakhale pepala la mafunsolo suliwerenga. Umangoyenda pang'onopang'ono pakati pa mizere, maso ali pa ana, mpaka maola awiri nthawi zina. Ine ndinavala nsapato zanga zakutchalitchi, ndiye pansi pa holo paja zinkangoti kwichi kwichi, ana n'kumadzutsa mitu mmodzimmodzi. Ndinamaliza ndikuyenda monyang'ama ngati mbala ya nkhuku. M'mawa mwake ndinabwera ndi zamphira.

Dzanja likakwera umapita. Wina akufuna pepala lowonjezera, wina cholembera chauma, wina kuchimbudzi, ndipo ameneyo umamuperekeza mpaka pakhomo n'kulemba nthawi yomwe watuluka ndi yomwe wabwerera. Nthawi ikakwana ambiri amasiya zolembera, koma ena amene analoledwa nthawi yowonjezera amatsala, ndiye enawo uziwatulutsa popanda phokoso. Malipiro ndi a pa ola, ndipo sabata yopanda mayeso palibe kanthu. Mayeso oyeserera a m'nyengo yozizira ndi amene amakupatsako kangachepe kena.

Sabata yachiwiri, kamtsikana kena ka kumzere wakumapeto kanakweza dzanja. Nditawerama, kanaloza liwu lina m'funso n'kunong'ona kuti kodi limatanthauza chiyani. Liwulo ndinkalidziwa. M'maso mwake munali mutalengeza misozi, ndipo msinkhu wake ndi wa mwana wa achemwali anga amene ali Fomu 4 kumudzi. Lamulo limati usamasulire kanthu, ngakhale liwu limodzi. Ndinangoti, "Pepa, sindingakuuze. Werenganso funsolo." Ndinapita kukaima kumbuyo kwa holo. Patapita mphindi ngati zisanu ndinaona kanyamula cholembera, kayambanso kulemba.