Wansembe wa Angilikani akafuna kukatumikira ku England

Kudzozedwa unsembe mu dayosizi ya Upper Shire kapena ya Lake Malawi sikupatsa munthu mphamvu yoima paguwa ku England. Lamulo la mpingo wa kumeneko la mu 1967 limati wansembe wodzozedwa kunja ayambe walandira chilolezo cha akibishopu wa ku Canterbury kapena wa ku York, malinga ndi chigawo chomwe akupitako. Kutsogolera Misa wopanda chilolezochi ndi mlandu m'mpingo, ngakhale pa ukwati wa mbale wako.

Pempho limadutsira kwa bishopu wa dayosizi yomwe ikukulandira. Iye amafuna makalata a kudzozedwa, a udikoni ndi a unsembe omwe, komanso kalata ya bishopu wakwanu yotsimikiza kuti ulibe mlandu. Apa ndi pomwe ambiri amakodwa. Wochoka mokangana ndi bishopu wake kalatayo saiona, ndipo zonse zimaima.

Chilolezo cha akibishopu si ntchito ayi. Pamafunikabe layisensi ya bishopu ya parishi yomwe ukatumikire. Isanatuluke amafufuza mbiri yako kudzera ku DBS, bungwe la boma lofufuza mbiri ya milandu ya anthu, ndi kalata ya apolisi a kwanu, ndipo umachita maphunziro a katetezedwe ka ana ndi akulu osatha kudziteteza. Maphunzirowa sazembeka, ngakhale kwa mkulu amene watumikira zaka 30.

Boma la Britain nalo lili ndi zake. Viza yoyenera ndi ya Minister of Religion, yomwe imafuna satifiketi ya sponsorship, yotsimikiza kuti wapatsidwa ntchito, yochokera ku mpingo wolembetsedwa ku Home Office, unduna woona za olowa m'dzikolo. Poyamba vizayi imaperekedwa mpaka zaka 3 ndi mwezi umodzi. Wochokera ku Malawi ayezetse chifuwa chachikulu cha TB ku chipatala chovomerezeka, ndipo zotsatira zake zimatha mphamvu pakadutsa miyezi 6, choncho kuyezetsa msanga n'kutaya ndalama. Chingerezi chiyenera kufika pa mulingo wa B2 pa mayeso ovomerezeka. Kulalikira m'Chingerezi Lamulungu lililonse sikuwerengedwa, pakuti Malawi sali pamndandanda wa mayiko okhululukidwa mayesowa.

Chenjerani ndi viza ya Religious Worker. Ndi yosavuta kupeza, koma imathera pa zaka 2 ndipo si ya wotsogolera mpingo.

Dayosizi ya Birmingham yakhala paubale ndi mpingo wa ku Malawi kuyambira mu 1966, koma ubalewo suchotsa pepala ngakhale limodzi mwa amenewa.