Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: nkhope ya pa foni ija

Abale ndabweranso. Zikomo nonse amene munasiya makomenti pa gawo lapitali, makamaka mayi a ku Balaka amene munati nanunso munagonapo pansi m'wodi ngati gadiyani, ndinawerenga misozi ili mbwembwembwe. Ena munandifunsa kuti app ya pa foni ija, yothandiza posamalira wodwala, inkatithandiza chiyani poti mayi anga Chizungu sadziwa. Lero ndiyankha.

Tinalekezera pomwe adokotala ananena kuti khansa ya khomo la chiberekero ya mayi yapita patali, opaleshoni siyithekanso. Zinayamba ndi kupimidwa ndi viniga ku Ntcheu, kenako maulendo a ku Lilongwe, kemo (mankhwala olimbana ndi khansa), tsitsi kuthothoka, miyezi 8 inangodutsa choncho. Ndiyambire pomwe tinabwerera kwathu ku Lizulu ndi botolo la mofini wamadzi, mankhwala amphamvu opha ululu.

Mofini amafuna nthawi yake, maola 4 aliwonse, ukadumphitsa ululu umabwerera mwaukali. Mphwanga wa ku Zomba uja ndiye anandiikira app pafoni. Kunena zoona zambiri zinali za anthu akunja, zakudya zomwe kuno kulibe, kulankhula ndi dokotala pa vidiyo, ndi bandulo yake iti? Ndipo amene mumadziwa Lizulu mukudziwa kuti msewu wa M1 ndiwo malire, foni imangosinthira yokha ku netiweki ya Mozambique. Ndikafuna munthu woti andiyankhe m'Chichewa ndinkaimba Chipatala cha pa Foni, nambala yopereka uphungu wa zaumoyo. Koma mu app muja munali zinthu ziwiri zomwe sindidzaiwala, kulira kokumbutsa mankhwala, ndi tinkhope tosonyeza ululu, kuyambira yomwetulira mpaka yolira.

Mayi anga ndi Mngoni weniweni, sadandaula. Anesi akafunsa kuti mayi mwadzuka bwanji, iwo amangoti "ndadzuka bwino mwanawanga, kaya inu," pomwe usiku wonse analuma chitenje. Anesinso amalemba zomwe wodwala wanena, atani.

Usiku wina mu June, chisanu cha ku Lizulu chija cholowa m'mafupa, foni inalira 2 koloko. Batire inali pa 9, sindinapite kokatchajitsa pamsika tsiku limenelo. Ndinayatsa tochi n'kupeza mayi agwada pamphasa, chipumi chili pa mpando, thukuta kamukamu m'nyengo yozizira ngati imeneyo. Ndinati "Amayi, kukuwawa?" Iwo "ayi, kagone, mawa uli ndi ntchito." Ndinakhala pansi pambali pawo. Ndinakoka mankhwala ndi sirinji manja akunjenjemera, ndinawamwetsa, kenako ndinatsegula tinkhope tija n'kuwayandikizira. Ndinati musandiuze kanthu amayi, ingolozani yomwe ikufanana ndi inu. Anayang'ana nthawi yaitali. Chala chawo chinayamba kupita pa yapakati, chinaima, kenako chinasuntha pang'onopang'ono mpaka pa yomaliza, yolira ija. Anachisiya pomwepo osachotsa. Mayi amene anatilera ana 6 ndi geni ya mbatatesi ndi kabichi, sindinawamvepo akunena kuti ndatopa. Ndinawakumbatira, anali atapepuka ngati mwana, ndipo tonse tinangokhala chete mpaka tambala woyamba.

Apa ndiime kaye. Azakhali, ndikudziwa mumawerenga. Munkauza anthu kutchalitchi kuti ndimangokhalira foni mayi akubuula, ndiponso kuti ndalama za thiransipoti zikanapita kwa sing'anga. Foniyo ndi imene inkandidzutsa 2 koloko inu mutafunda bulangeti. Sindikusungirani mangawa, koma zinandipweteka ndipo ndimafuna mudziwe.

Kwa masiku 6 ndinkalemba nkhope iliyonse yomwe mayi aloza ndi nthawi yake, kenako ndinakopera m'kope chifukwa foni yanga sindinkaidalira. Titapita kuchipatala mayi anayambanso "ndili bwino," ine ndinangotulutsa kope. Anesi anawerenga, anayang'ana mayi, n'kunena kuti "amama, mwakhala mukutibisira." Anawonjezera mlingo wa mofini, anatipatsanso mankhwala ofewetsa m'mimba poti mofini amadzimbiditsa. Usiku umenewo mayi anagona mpaka kuwadzutsa kuti amwe mankhwala, ndipo m'mawa anapempha phala la mgaiwa lothira nsinjiro, anamaliza kambale konse.

Gawo lotsatira ndidzakamba za tsiku lomwe mwana wanga wamkazi anabwera kuchokera kusukulu ndi uthenga wa katemera wa HPV, woteteza ku khansa ya khomo la chiberekero, ndi zomwe agogo ake anayankha bambo ake atakana.