Ulendo wathu wa ku Mambwe: mtsinje wouma ndi buku la masonkho

Tinanyamuka pa Chipata 6 koloko m'mawa, anthu khumi ndi anayi, titathithikana m'minibasi ngati matumba a mtedza. Tonse ndife a m'makomiti a madzi a m'midzi, aja amati V-WASHE. Ine ndine msungichuma wa komiti ya kwathu, ngakhale kwa zaka ziwiri udindowu unali wa dzina chabe, poti chuma chosungacho panalibe. Munali mu Okutobala 2024, chaka chomwe mvula inadula chimanga chisanamasule, mpaka Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Mjigo wa m'mudzi mwathu unali utaleka kutulutsa madzi kuyambira mu Juni, ndipo tonse tinkati waphwa.

Mukamatsika zitunda kulowa m'chigwa cha Luangwa, mphepo yolowa pawindo imakhala ngati yochokera mu uvuni wa njerwa. Ife a kumtunda tinangoti zii, aliyense ali ndi botolo lake. Anzathu Akunda anatilandira ndi "manzi" ozizira a mumtsuko (kumeneko madzi amawatchula choncho), kenako tinakagwada kwa amfumu ndi kuomba m'manja, ndiye ulendo wa kumtsinje.

Mtsinje wa Lupande unali mchenga wokhawokha, wotentha woti sungaponde wopanda nsapato. Mmodzi wa ife anafunsa moseka kuti mtsinjewo uli kuti. Agogo ena amene ankatitsogolera sanayankhe. Anagwada pokhota mtsinje, nayamba kufukula ndi mbale. Mchenga unasintha mtundu, unayamba kumata m'manja, ndipo dzenje litafika cha m'chiuno madzi anayamba kudikha pansi.

"Mwana wanga, mtsinje sunapite," anandiuza. "Wangobisala dzuwa."

Dzuwa limaumitsa mchenga wa pamwamba pokha, koma wa pansi umasunga madzi a m'dzinja m'mipata yake. Njovu nazo zimadziwa, zimakumba momwemo, n'chifukwa chake amayi sapita kumtsinje kukali mdima kapena dzuwa litalowa. Dzenje lotungapo madzi akumwa analitchinga ndi minga, la mbuzi ndi lochapira ali nawo kumunsi. Madziwo amaoneka oyera mbee, komabe anatichenjeza kuti maso amanama: amathiramo klorini kapena kuwiritsa.

Zonsezi zinandisangalatsa, koma kwathu kulibe mtsinje wamchenga wotere. Chimene chinandivula ine chinali pamjigo.

Mjigo wawo unkagwira ntchito, m'chigwa chotentha kuposa kwathu. Bambo amene amakonza mijigo ya dera limenelo anandifunsa kuti wathu unafa bwanji. Ndinafotokoza kuti poyamba madzi ankatuluka ofiirira, kenako m'mawa umayenera kupopa nthawi yaitali asanabwere, ndipo pomaliza chogwirira chinkangopepuka. Anapukusa mutu.

"Amayi, umenewo sunaphwe. Mjigo wophwa umapatsa madzi m'mawa, n'kuleka masana, n'kuyambiranso ukapuma. Wanuwo ukutaya madzi m'kati. Kaya ndi marabala atha, kaya paipi yaboola."

Anatiuza kuti mijigo yambiri kuno ndi ya India Mark II, ndipo mapaipi ake achitsulo amadyeka ndi dzimbiri m'madzi ena. Kuwatulutsa kumafuna zida ndi amuna angapo amphamvu. Mijigo ya mtundu wa Afridev ndi yosavuta, chifukwa marabala mumasintha mutangosolola marodi (ndodo zachitsulo za m'kati mwa mapaipi), mapaipi osawakhudza. Ndinachita manyazi. Miyezi inayi amayi akwathu akudzuka tambala woyamba kukalimbirana chitsime cha kudambo, ife a komiti tikunamizira kumwamba, osaitana ngakhale munthu woti adzasuzumire.

Kenako msungichuma mnzanga anatulutsa buku lake. Ndi kope wamba la ana a sukulu, lokutidwa ndi pepala la shuga, koma muli dzina la khomo lililonse. Iwo satolera mwezi ndi mwezi ngati mmene tinkayesera ife. Amatolera kamodzi, anthu akangogulitsa zokolola, ndipo wopanda ndalama amabweretsa mtedza kapena nkhuku. Nkhalamba ndi amasiye salipira. Chaka chimenecho zokolola kunalibe, koma m'bokosi munali zotsala za chaka cham'mbuyo. Buku limawerengedwa pamsonkhano wa mudzi, mokweza, amfumu ali pomwepo. Ndinamufunsa ngati sadana naye anthu. Anaseka, nati amadana naye mu Julayi, n'kumukonda mu Okutobala. Masana mjigo amaukhoma ndi loko kuti madzi abwerere pansi, ndipo cheni amaipaka girisi osadikira kuti iyambe kulira.

Pobwerera m'minibasi munabuka mkangano. Abambo ena ankati tingolemba kalata yopempha mjigo watsopano kudzera ku CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'dera la phungu. Wina anawakumbutsa kuti kuboola si kungobwera ndi galimoto, popeza kuyambira 2018 mijigo imayenera kulembetsedwa ku WARMA, bungwe la boma loyang'anira za madzi, ndiponso mzere wa opempha ndi wautali. Ine sindinalankhule zambiri. Kupempha sindikukana, koma mjigo watsopano m'manja mwa komiti yopanda buku udzafa imfa yomweyo.

Sabata yotsatira tinaitana wokonza mijigo wa dera lathu, tinamulipira ndi nkhuku ziwiri za kwa ine. Anyamata anatulutsa mapaipi, ndipo yachisanu inali ndi bowo loti chala chinkalowa. Ataponya chingwe m'dzenjemo, chinatuluka chonyowa. Ndagula kope, ndalemba makomo onse. Alipira ndi khumi ndi limodzi, ndipo khomo la apongozi anga silinalipire. Ndikupitako mawa, nditavala chitenje chatsopano.