Galimoto yathu yachiwiri yopopera masepitiki yafika

Mwezi uno tagula galimoto yachiwiri yopopera, ndipo iyi tagula ndi ndalama zathu. Yoyamba inali ya ngongole. Amene anatikongozawo ankachita kugwira mphuno tikatchula ntchito yathu, koma chiwongoladzanja ankachilandira ndi manja awiri.

Nthawi yomwe inatiwawa kwambiri ndi ya kolera wa 2022 mpaka 2023, amene anapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno. Masepitiki akusefukira ku Area 25 ndi Area 49 muno mu Lilongwe, foni ikungolira, pampu yathu inali yofa ndipo zipangizo zake zinkasowa kaamba ka vuto la ndalama zakunja. Chimapha pampu ndi mchenga. Chimatseka payipi yokokera ndi matewera a ana, mapadi, nsanza ndi zisononkho za chimanga. Zonsezi siziwola m'thanki, zimangodikira tsiku lopopa.

Ambiri amatiitana chimbudzi chikayamba kubweza. Pamenepo mwachedwa. M'sepitiki zolemera zimadikha pansi, zamafuta zimayandama, ndipo madzi apakati okha ndi amene amayenera kupita ku soakaway, dzenje la miyala lomwe madziwo amalowerera m'nthaka. Matope apansi ndi zoyandamazo zikadzaza gawo limodzi mwa magawo atatu a kuya kwa thanki, ipopedwe. Pabanja wamba zimatenga zaka zitatu mpaka zisanu, koma pa mdadada wa nyumba za lendi zimafulumira. Kuyeza kwake n'kosavuta: kulungani nsalu yoyera kundodo yaitali, mulowetse mpaka pansi, muone pomwe yadera. Mukalekerera, matope amawolokera ku soakaway n'kumata mipata ya miyala, ndipo apo kupopa sikuthandizanso, pamafunika kukumba ina. Ife timapopa zipinda zonse ziwiri za thanki, osati kungokoka madzi apamwamba monga achitira ena ofuna kuthamangira kasitomala wina. Munthu asalowemo m'thanki ngakhale itapopedwa, mpweya wa m'menemo umakomola asanakuwe n'komwe.

Eni malesitilanti, grease trap ija ili kuseri kwa khitchini, kathanki kotchera mafuta a m'madzi otsukira, ili ndi malire ake. Mafuta oyandama ndi nyenyeswa zapansi zikafika kota ya kuya kwake, imasiya kutchera, mafuta amangodutsa. Pamalo pokazinga tchipisi ndi nkhuku tsiku lililonse, kotayo sachedwa kukwana. Tikabwera timakoka zonse, kupala makoma ndi zitsulo zotchinga zam'kati, kuona ngati payipi yotulutsira ili bwino, kenako kudzazamo madzi oyera ozizira. Kuthiramo madzi owira kapena caustic soda n'kudzinamiza chabe. Mafuta amasungunuka, kuyenda mamita angapo, n'kukaundananso m'payipi pomwe dzanja silifika. Mafuta okazingira otha ntchito musathire m'sinki, sungani m'chigubu.

Zomwe tapopa timakataya ku Kauma, komwe kumayeretsedwa zonyansa za mzinda uno. Kutaya m'dambo kapena mumtsinje wa Lingadzi ndi mlandu pansi pa lamulo losamalira chilengedwe la 2017, lomwe bungwe la boma loteteza chilengedwe la MEPA limayang'anira. Wina akakutchulirani mtengo wotsika modabwitsa, mufunseni komwe akukataya ndi chiphaso chake. Ife timasiya lisiti yolembapo tsiku ndi malita omwe tachotsa, kuti a zaumoyo a ku khonsolo akabwera kudzayendera khitchini mukhale ndi chowaonetsa.

Tikuthokoza anyamata athu amene amagwira payipi dzuwa likuswa mtengo, ena mpaka abale awo amachita manyazi kutchula ntchito yawo. Zikomo amakanika amene anadzutsa pampu ija, amayi a malo odyera amene anatidikira osapita kwina, ma landlord amene amatilozera kwa anzawo, ndi mabanja athu amene amachapa maovolosi osadandaula.

Mvula isanagwe ndiye nthawi yabwino yopopa, chifukwa nthaka ikakhuta madzi soakaway imamwa pang'onopang'ono, komanso galimoto yodzaza imatitimira m'tinjira tamatope. Malesitilanti amene tipangana nawo zobwera mwezi ndi mwezi timawachotserako mtengo. Tilembereni ku inbox, mutiuze dera lanu ndi mtunda wochokera pomwe galimoto ingaime kufika pathanki, kuti tidziwe kutalika kwa payipi yoti tinyamule.