Kugulitsa zithunzi za nyama zakuthengo ku Lusaka kuti ndalama zikafikedi kunkhalango

Ojambula ambiri a mu Lusaka amene amagulitsa zithunzi za njovu ndi mikango amauza wogula kuti gawo la ndalama lipita kukateteza nyama, koma ndi ochepa amene angatchule kukula kwa gawolo ndiponso amene adzalilandire. Ine ndi anzanga ojambula, tonse ochokera kummawa, ku Chipata ndi ku Katete, koma okhala ku Chilenje ndi ku Kabwata, tinagwirizana kuchititsa chionetsero chimene wogula aliyense adzadziwa kumene ndalama yake yapita. Ndifotokoza njira imene tinatsata, poti ntchito yaikulu inali ya mapepala ndi masamu, ndipo burashi ndi penti zinali mbali yopepuka.

Tisanagule nsalu yojambulirapo, tinayamba tasankha nyama imene tikufuna kuithandiza. Mmodzi wa ife ankafuna ngaka, imene malonda ake a pakati pa mayiko analetsedwa kotheratu mu 2016 ku Johannesburg pa msonkhano wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakuthengo, ndipo wina ankafuna mimbulu. Pomaliza tinagwirizana pa chipembere chakuda ndi nyama zina za m'chigwa cha Luangwa, chifukwa ndiko kwathu ndipo mbiri yake timatha kuifotokoza popanda kuwerenga papepala. Zipembere zakuda zinali zambiri m'chigwachi, koma opha nyama mozemba anazitha m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 pofuna nyanga zake, mpaka mu 1998 zinalengezedwa kuti m'Zambia mulibenso chipembere chakuda. Kuyambira mu 2003 mpaka mu 2010, zipembere 25 zinabweretsedwa pandege kuchokera ku South Africa n'kuikidwa ku North Luangwa National Park, mothandizana ndi bungwe la Frankfurt Zoological Society, ndipo zinayamba kuswana. Wogula akamva kuti nyama imene ili pakhoma inatheratu m'dziko lino kenako n'kubwezeretsedwa ndi manja a anthu, amaima nthawi yaitali patsogolo pa chithunzicho kusiyana ndi pa chithunzi cha mkango wogona.

Kenako tinafunafuna olandira ndalamazo. Nyama zakuthengo zimayang'aniridwa ndi boma kudzera mu Department of National Parks and Wildlife, imene likulu lake lili ku Chilanga ndipo inalowa m'malo mwa ZAWA, bungwe limene linkagwira ntchitoyi kale, potsatira lamulo la nyama zakuthengo la mu 2015. Pali mabungwe angapo ogwira ntchito limodzi ndi dipatimentiyi: Conservation South Luangwa imachotsa misampha ya waya ndi kuchiza nyama zokodwa, Zambian Carnivore Programme imafufuza za mikango ndi mimbulu, Game Rangers International imalera ana a njovu amasiye, ndipo Chipembele Wildlife Education Trust imaphunzitsa ana a sukulu ku Mfuwe. Tinasankha bungwe limodzi lokha, popeza ndalama za chionetsero chaching'ono zikagawidwa panayi palibe amene amaona phindu lake. Tinalilembera kalata yofotokoza kuti ndife yani, chionetsero chidzachitikira kuti, ndiponso gawo limene tidzapereke, ndipo tinapempha zinthu ziwiri: chilolezo cholembedwa chogwiritsa ntchito dzina lawo, ndi nambala ya akaunti ya kubanki ya bungwe lenilenilo. Yankho linachedwerapo, koma sitinasindikize chikwangwani chilichonse chokhala ndi dzina lawo mpaka kalata yokhala ndi chidindo itafika, chifukwa kusonkhetsa ndalama m'dzina la anthu amene sakukudziwa kungakupezetse mlandu ngakhale mtima wako uli woyera.

Pamene tinatsutsana kwambiri ndi pa nkhani ya gawo. Mpikisano wa Wildlife Artist of the Year, umene bungwe la David Shepherd Wildlife Foundation la ku England linayambitsa mu 2008, umagawa ndalama za chithunzi chogulidwa pakati ndi pakati, theka kwa wojambula ndipo theka ku ntchito yoteteza nyama. Mnzathu wina anati nafenso tichite chimodzimodzi. Koma theka la mtengo wonse ndi theka la phindu ndi zinthu zosiyana kutalitali, ndipo apa ndi pamene ogula ambiri amanamizidwa popanda wina kunena bodza lenileni. Tinatenga chithunzi chimodzi cha chipembere, chimene tinachiika pa K4,000, n'kuwerengera. Nsalu, penti ndi felemu zinadya K900, ndipo eni malo ochitira chionetsero ankafuna K600. Tikanati theka la phindu, nyama zikanalandira K1,250, pomwe wogula akanapita kwawo akuganiza kuti wapereka K2,000. Tikanati theka la mtengo wonse, wojambula akanatsala ndi K500 pa ntchito ya milungu ingapo, ndipo munthu wolipira lendi ku Chilenje sangapitirize ntchito yotere chaka chamawa. Tinagwirizana pa magawo 40 pa 100 a mtengo wonse, ndipo pansi pa chithunzi chilichonse tinaika kapepala kosonyeza mtengo wake ndi ndalama yeniyeni yopita ku bungwe: K4,000, ndipo mwa imeneyi K1,600 ndi ya nkhalango.

Kapepala kameneka kanatithandizanso pa vuto lina. Anthu a mu Lusaka anazolowera kunenerera mitengo, monga amachitira ku Kabwata Cultural Village kapena pa msika wa zaluso wa Lamulungu ku Arcades, ndipo sasiya chizolowezicho chifukwa choti alowa m'holo yokongola. Tinapangana kuti wojambula akafuna kutsitsira wogula, kutsitsako kuchoke pa gawo lake iye mwini, ndipo ndalama yolembedwa ya bungwe isasinthe ngakhale ndi ngwee imodzi.

Pa zipangizo, ndinakumbutsa anzanga kuti pasapezeke chilichonse chochokera pathupi la nyama yakuthengo. Ojambula ena amakonda kumata nthenga, minga ya nungu kapena kachikopa pa chithunzi kuti chioneke chachilendo, koma lamulo la mu 2015 limafuna kuti wosunga zinthu zotere akhale ndi chiphaso cha boma, ndipo wopezeka ndi mnyanga wa njovu kapena mamba a ngaka popanda chilolezo amalamulidwa kukhala m'ndende zaka zosachepera zisanu. Mafelemu nawonso tinawasamala. Kalipentala amene tinamupeza anatiuza monyadira kuti angatipezere mukula, koma mtengo umenewu unadulidwa mosasamala m'dziko lino mpaka unaikidwa pa mndandanda wa CITES mu 2019, choncho tinamuuza kuti agwiritse ntchito matabwa a paini ndi kuwapaka vanishi.

Kujambula kwenikweni sindikhalitsapo, kupatula pa mfundo ziwiri. Yoyamba ndi yakuti chithunzi cha kamera chimene wachipeza pa intaneti chili ndi mwini wake, ndipo kuchikopera mzere ndi mzere n'kugulitsa ndi kuba. Ife tinapempha chilolezo kwa mnzathu wina woperekeza alendo ku Mfuwe, amene anatitumizira zithunzi zake pa WhatsApp, ndipo tinalemba kuti maziko a zojambula zathu ndi zithunzi zake. Ana a njovu tinakawajambula ndi pensulo ku Lusaka National Park, kumene malo olerera ana amasiye anasamukira kuchokera ku Lilayi mu 2022, ndipo alendo amaloledwa kuwaonera patali pa nthawi yomwetsa mkaka. Mfundo yachiwiri ndi kulondola. Chipembere chimene munthu angachione mosavuta, monga ku Mosi-oa-Tunya ku Livingstone, ndi choyera, cha kukamwa kotambalala ndipo chimayenda choweramitsa mutu chifukwa chimadya udzu. Chakuda chili ndi mlomo wakumtunda wosongoka umene chimakolera nawo nthambi ndi masamba, ndipo mutu wake umakhala chokweza. Anthu ogula zithunzi zotere nthawi zambiri ndi odziwa nyama, ndipo ukalemba kuti North Luangwa pansi pa chipembere cha kukamwa kotambalala, adzakayikiranso zonse zimene walemba pa kapepala ka mtengo. N'chimodzimodzinso ndi nyamalikiti wa Thornicroft, wopezeka m'chigwa cha Luangwa mokha, amene mawanga ake ndi osongokasongoka m'mphepete, osati osalala ngati a nyamalikiti wa kumpoto kwa Kenya.

Malo oonetsera zaluso mu Lusaka alipo. Henry Tayali Gallery ku Showgrounds, imene imayendetsedwa ndi Visual Arts Council of Zambia, ndi kumene ojambula ambiri amayambira, ndipo palinso Lechwe Trust Art Gallery ndi 37d Gallery ya ku Kabulonga. Malo otere amakonza ndondomeko yawo miyezi yambiri pasadakhale, choncho ife tinagwirizana ndi malo ena odyera amene ali ndi khonde lalikulu lofoleredwa bwino. Tinasankha nyengo yopanda mvula, osati chifukwa cha alendo okha, komanso chifukwa chinyezi chimachedwetsa penti ya mafuta kuuma ndipo chimapindapinda mapepala. Mgwirizano ndi eni malo nawo tinaulemba, wonena za gawo lawo, masiku, ndi amene adzalipire chithunzi chikawonongeka chili m'manja mwawo.

Pa tsiku lotsegulira, mayi wina wachikulire anawerenga kapepala ka pansi pa chithunzi cha mimbulu, n'kundiitana. "Mwana wanga, ndalama imeneyi mukaisiya m'manja mwa yani?" Ndinayankha kuti, "Amayi, sitikaisiya m'manja mwa munthu, ipita ku akaunti ya bungwe, ndipo kalata yawo ndi iyi." Anaiwerenga yonse mpaka pa chidindo, kenako anatsegula chikwama. Kalatayo tinali titaiika mufelemu pafupi ndi khomo, ndipo ndinaona kuti anthu ambiri ankayamba aiwerenga asanayang'ane zithunzi.

Sitinadalire zithunzi zikuluzikulu zokha, chifukwa ogula a K4,000 si ambiri. Tinasindikiza makope a zithunzi zitatu papepala lolimba, lililonse lokhala ndi nambala yake ndi siginecha ya wojambula, ndipo tinalonjeza kuti sitidzasindikizanso ena chiwerengerocho chikatha. Aphunzitsi, anamwino ndi ophunzira a ku yunivesite ndi amene anagula makopewa, pa gawo lomwelo la 40 pa 100. Ine ndimaona kuti chionetsero chimene chimangoyembekezera akazembe ndi alendo akunja chimaphunzitsa anthu a m'dziko muno kuti nyamazi ndi nkhani ya azungu, pomwe ndi makolo athu a ku Mambwe ndi ku Lundazi amene amagona ndi njovu kuseri kwa nkhokwe.

Ndalama zonse za pafoni zinkalowa pa nambala imodzi ya Airtel Money ndi ina ya MTN MoMo, ndipo zolipiridwa pamanja zinkalembedwa m'buku nthawi yomweyo, anthu awiri n'kusainira. Aliyense wogula ankalandira lisiti yosonyeza dzina la chithunzi, mtengo ndi gawo la bungwe, ndipo tinkamupempha nambala ya foni kuti tidzamuuze zotsatira. Kampani ina inafuna invoisi yokhala ndi TPIN, nambala ya wokhoma msonkho ya ku bungwe la misonkho la ZRA, isanalipire, choncho wofuna kugulitsa kwa makampani akonzeretu zimenezi, ndipo kulembetsa dzina la bizinesi ku PACRA kumathandizanso. Amene ankati adzalipira kumapeto kwa mwezi tinkawapempha kuti asiye chikole, kenako tinkamata kadontho kofiira pa kapepala kusonyeza kuti chithunzi chatengedwa, koma chithunzicho sichinkachoka pakhoma ndalama isanakwane. Kwa mlendo amene ankakwera ndege, tinachotsa nsalu pamatabwa ake n'kuipinda mozungulira, mbali ya penti ili kunja kuti isang'aluke, n'kuilowetsa mupaipi ya pulasitiki.

Chionetsero chitatha tinakhala pansi ndi buku, malisiti ndi mauthenga a pafoni, n'kuonetsetsa kuti zitatuzi zikugwirizana. Ndalama zochotsedwa potumiza ndi potapa tinazilipira ife, kuti bungwe lilandire ndendende zimene zinalembedwa pamakhoma. Tinatumiza kudzera kubanki mlungu womwewo, ndipo sitinawauze chochita nazo. Opereka ambiri amafuna kuti ndalama yawo igule chinthu chooneka chimene angajambulitse nacho, koma oyendera nkhalango amafunanso mafuta a galimoto, nsapato, ufa ndi ndiwo za kuthengo, ndipo eni ntchito ndi amene amadziwa chimene chasowa mwezi umenewo. Lisiti ya bungwe itabwera tinaijambula n'kuitumiza kwa wogula aliyense, pamodzi ndi chiwerengero cha zithunzi zogulidwa ndi ndalama yonse yoperekedwa.

Zithunzi zosagulidwa zinabwerera kwa eni ake, koma m'kalata yathu tinali titalonjeza kuti chilichonse mwa izo chikagulidwa miyezi isanu ndi umodzi isanathe, gawo la bungwe lidzaperekedwabe, popeza ena amaona chithunzi pa chionetsero n'kudzaimba foni pambuyo pake poganiza kuti kunyumba kwa wojambula chidzatsika mtengo. Nthawi imeneyo itatha tinachotsa dzina la bungwe pa zithunzi zotsala ndi pa masamba athu a Facebook, ndipo tinawalembera kalata yowadziwitsa kuti buku la chionetserocho latsekedwa.