Zikomo nonse, buku lija latuluka

Lachiwiri masana ndinalandira katoni yochokera kwa osindikiza. Nditaitsegula, pamwamba penipeni panali kamtsikana kanga katavala diresi yachikasu, kataima pamchenga wa kunyanja, beseni la usipa lili pamutu. Ndinakhala pansi pasimenti, buku lili pamiyendo, osatha kuyankhula. Chithunzi chimenechi ndinachijambula kawiri, koyamba kumapeto kwa 2022, kachiwiri madzi atandilanda choyambacho. Ndalemba izi poyera kuti anthu amene anandigwira dzanja pakati pa maulendo awiriwa adziwe kuti sindinaiwale.

Kwa amene simundidziwa, ine ndimajambula zithunzi za m'mabuku a ana. Sindinalembedwe ntchito pakampani iliyonse. Mlembi akandipeza timagwirizana mtengo, amapereka theka poyamba, theka linalo ndikamaliza. Buku la zithunzi kawirikawiri limakhala ndi masamba 32, chifukwa osindikiza amapinda chipepala chachikulu chimene chimatulutsa masamba 8 kapena 16 nthawi imodzi, ndiye nkhani yonse iyenera kukwana m'menemo. Ndimayamba ndi tizithunzi ta pensulo tosaposa bokosi la machesi, kuti tione pamene mwana atembenuze tsamba ndi pamene adikire kaye. Tikagwirizana m'pamene ndimatenga pepala lokhuthala, burashi ndi utoto wamadzi. Chithunzi chimodzi chotambasula masamba awiri chimanditengera sabata yathunthu, nthawi zina kuposa apo.

Mu Malichi 2023 ndinali nditamaliza zithunzi 11. Kenako kunabwera namondwe wa Freddy. Amene munali ku Blantyre mukukumbukira mvula yosakata ija, ndi matope ndi miyala zimene zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Ife timakhala chakumunsi. Nyumba yathu sinagwe, koma madzi analowa mpaka m'mawondo, ndipo sutikesi imene ndinkasungamo zithunzi pansi pa bedi inadzadza matope pamodzi ndi laputopu. Utoto wamadzi ukakumana ndi madzi subwerera. Ndikunena izi mosamala kwambiri, chifukwa anthu amene ndinkapatsana nawo moni tsiku ndi tsiku anataya ana ndi makolo, ndipo ena sanapezeke mpaka lero. Ine ndinataya mapepala. Komabe kwa miyezi iwiri dzanja langa linkakana pensulo, ndipo ndinalibe woti n'kumudandaulira za mapepala pamene mudzi wonse unali pamaliro.

Woyamba kumuthokoza ndi inu, Amayi, amene munalemba nkhaniyi. Foni yanu yoyamba, netiweki itabwerera, simunatchule buku ngakhale kamodzi. Munafunsa kuti, "Ana ali bwanji? Mukugona pati?" Patapita masiku angapo munatumiza pa Airtel Money theka lija limene mwapangano mukananditumizira ntchito itatha, n'kunena kuti ndigule kaye mabulangete, utoto ndigule pambuyo. Mukanatha kufuna wojambula wina, ndipo palibe amene akanakudzudzulani. Munadikira chaka chathunthu.

China chimene munachita sindinachiyembekezere. Chithunzi chilichonse chimene ndinkakutumizirani pa WhatsApp kuti muone mmene ntchito ikuyendera, munachisunga, ngakhale zija zosaoneka bwino zimene ndinajambula usiku ndi kuwala kwa tochi magetsi atazima. Kuzisindikiza sikukanatheka, chifukwa WhatsApp imachepetsa chithunzi pamene osindikiza amafuna chithunzi chooneka bwino kwambiri, cha timadontho 300 pa inchi iliyonse (300 dpi). Koma zinandibwezera nkhope ya kamtsikana kaja, mpata wa m'mano mwake, ndi mmene agogo ake amamangira duku. Tsiku limene munazitumiza zonse motsatana ndi limene ndinasongolanso pensulo.

Ndikufuna anthu adziwe mmene munkagwirira ntchito, chifukwa si alembi onse amene amatero. Pali tsamba lina pamene munalemba ziganizo zitatu zofotokoza kuti agogo anakwiya mdzukulu atataya usipa pamchenga. Ndinakupemphani kuti muzichotse, chifukwa nsidze za agogowo ndi dzanja lawo la m'chiuno zinali zitanena kale zonse. Mwana wa zaka zinayi sanayambe kuwerenga zilembo, koma nkhope amaiwerenga bwino kuposa ife akuluakulu. Munakhala chete pafoni, kenako munati, "Chotsani, musiye mawu amodzi okha." Mlembi kufufuta mawu ake chifukwa cha chithunzi cha munthu wina ndi ulemu waukulu, ndipo ndinaumva. Inunso munandiwongola. Ine ndine mwana wa kumtunda, ndiye ndinajambula usipa utayanikidwa pamphasa pansi. Inu, wokulira ku Nkhotakota, munandiuza kuti kwanu amayanika pathandala lokwezeka pamitengo kuti mphepo izidutsa pansi, komanso kuti asodzi a usipa amapita usiku ndi nyali. Tsamba la nyali zoyandama panyanja mumdima, limene aliyense akuyamba kuliyamikira, linabadwa pa kudzudzula kwanu kumeneko.

Ndipo munalemba zonse papepala tisanayambe: kuti dzina langa lidzakhala pachikuto pafupi ndi lanu, kuti zithunzi zenizeni za pamanja zidzakhalabe zanga, ndi kuti wina akafuna kuzigwiritsa ntchito kwina adzayenera kundipempha. Anzanga ambiri ojambula amangolandira ndalama kamodzi, dzina lawo osaoneka paliponse, kenako n'kupeza chithunzi chawo pakalendala kapena pachikwangwani. Lamulo la umwini wa ntchito zaluso la 2016 lilipo, ndipo bungwe loteteza umwini umenewu la COSOMA lilipo, koma chimene chinanditeteza ine choyamba ndi pepala limodzi lija limene tinasayina tonse awiri.

Achimwene, zikomo chifukwa cha laputopu imene munandibwereka "kwa sabata ziwiri" n'kuisiya kwa ine miyezi isanu ndi itatu osafunsa. Amayi a kumpingo amene munabwera ndi zidebe ndi matsache kudzakokolola matope m'nyumba, Mulungu akudalitseni. Mayi a kunyumba, inu munanyamula banja ndi geni yanu ya kumsika nthawi yonse imene ine ndinkajambulanso zinthu zimene ndinali nditalipidwa kale. Munaona zonse, ndipo zambiri ndidzakuuzani pamaso.

Zithunzi zitatha tinakumana ndi chipsinjo china. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo popeza mapepala ndi inki zimachokera kunja, mtengo umene osindikiza anatipatsa poyamba unasintha. Panali njira ziwiri, kusindikiza papepala lopyapyala kapena kuchepetsa chiwerengero cha mabuku. Amayi munasankha kuchepetsa chiwerengero. Munati buku la ana limagwiridwa ndi manja a phala, limakokedwa, limagonedwa, ndiye liyenera kulimba. Ndikugwirizana nanu mpaka lero, ngakhale zinatanthauza kudikiranso miyezi ingapo kuti ndalama zikwane.

Bambo amene mumayendetsa makina kosindikizira, dzina lanu silili m'bukuli koma dzanja lanu lilimo. Mitundu ya pakompyuta imapangidwa ndi kuwala, pamene makina amasakaniza inki zinayi za CMYK (yabuluu, yofiira, yachikasu ndi yakuda), ndipo pakusinthaku zinthu zimawonongeka. Patsamba loyesera loyamba nyanja inazilala, ndipo choopsa kwambiri, khungu la ana linatuwa ngati adzola phulusa. Ine chimenechi sindikanachilola. Mwana wa kuno akatsegula buku ayenera kudziona ali wowala monga mmene amaonekera akasamba n'kudzola mafuta. Munakhala nane mpaka madzulo, tikuchepetsa inki yakuda n'kuwonjezera yofiira ndi yachikasu pang'onopang'ono, mpaka masaya a kamtsikana kaja anakhalanso amoyo. Munandichenjezanso kuti nkhope ya agogo inagwera pakati penipeni pamene buku limapindikira, tinaisuntha isanamezedwe ndi ulusi.

Otsiriza ndi aphunzitsi a Sitandade 1 amene munandilola kubweretsa buku loyesera, lomata ndi guluu, kuti ana alione lisanapite kumakina. Munawerenga mokweza, ine nditakhala kumbuyo kuyang'ana pamene maso awo akuthamangira. Titafika chakumapeto, kamnyamata kena kanaimika dzanja n'kufunsa kuti, "Nanga galu uja wapita kuti?" Galuyo mulibe m'mawu a nkhaniyi. Ndinangomuika pamasamba oyambirira kuti azitsatira kamtsikana kaja, ndipo pojambula kachiwiri ndinamuiwala pamasamba anayi omaliza. Ine, mlembi ndi osindikiza tonse sitinaone. Ndinabwerera kunyumba n'kumujambulamo.

Aphunzitsi, Lachisanu m'mawa ndibwera ndi mabuku asanu a kalasi yanu. Chonde mumuuze mnyamata uja kuti atsegule tsamba lomaliza, ayang'ane pansi pa thandala.